MAKHADI A NETIWEKI: KODI LOFULUMIRA NDI LITI?

 Lero tikambirana za kachipangizo kamene ambiri a ife sitinakaonepo ndi maso, ngakhale kuti kamatitumikira tsiku ndi tsiku m'masukulu, m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi. Dzina lake ndi khadi la netiweki.

Nkhaniyi ikukhudza ndalama. Tiyerekeze kuti inu ndinu mphunzitsi wamkulu, kapena mlembi wa bungwe la alimi, ndipo makompyuta a mu ofesi yanu akuchedwa kutumizirana zinthu. Wogulitsa wafika ndi makatoni awiri, ina yalembedwa 1,000, ina 10,000, ndipo akuti ya nambala yaikuluyo ithetsa mavuto anu onse. Kodi mumkhulupirire? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero tisanamasule chikwama, tiyeni tione m'mene akatswiri amayerekezera makhadi amenewa, ndi chifukwa chake nambala ya pa katoni siinena zonse.

KHADI LA NETIWEKI N'CHIYANI?

Kompyuta ikafuna kutumiza kalata, chithunzi kapena kaundula wa ana a sukulu kwa kompyuta inzake, siitumiza chinthucho chathunthu. Imayamba yachiduladula m'maphukusi ang'onoang'ono, ndipo phukusi lililonse limalembedwa kumene lachokera ndi kumene likupita. Ntchito ya khadi la netiweki ndiyo kulandira maphukusiwo, kuwasandutsa zizindikiro za magetsi, za kuwala kapena za mafunde a wailesi, ndi kuwaponya pa njira. Likalandira zizindikiro zochokera kwina, limazibwezeranso kukhala maphukusi n'kuwapereka kwa kompyuta. Kale linalidi khadi lotsomeka m'kati mwa makina. Masiku ano m'makompyuta ambiri ndi kachidutswa kowotcherera pa bolodi lalikulu, koma dzina lija silinasinthe.

Njira imene makhadi a waya amalankhulirana imatchedwa Ethernet. Anaiyambitsa mu 1973 Robert Metcalfe ndi David Boggs ku malo a kafukufuku a kampani ya Xerox mu mzinda wa Palo Alto, ku America. Liwiro lake loyamba linali pafupifupi mamegabiti 3 pa sekondi. Mu 1980 makampani a Xerox, Intel ndi Digital Equipment anagwirizana pa mamegabiti 10. Mamegabiti 100 anadza mu 1995. Mamegabiti 1,000, amene timati gigabiti imodzi, anadza mu 1998 pa nthambo za kuwala, ndipo mu 1999 pa waya wa mkuwa. Magigabiti 10 anatsatira mu 2002, ndipo mu 2016 munadza makhadi a pakati, a magigabiti 2.5 ndi 5. Nambala zimenezi ndizo mumaziona pa katoni.

NAMBALA YA PA KATONI

Choyamba kudziwa n'chakuti liwiro la khadi limawerengedwa m'mabiti, pamene kukula kwa zinthu zimene timasunga mu kompyuta kumawerengedwa m'mabayiti. Bayiti imodzi ndi mabiti 8. Motero khadi la mamegabiti 1,000 silinyamula mamegabayiti 1,000 pa sekondi ayi, koma 125 basi. Anthu ambiri amadandaula kuti anawanamiza, chonsecho vuto ndi la masamu chabe.

Chachiwiri n'chakuti ngakhale 125 imeneyo siikwana. Mukamagulitsa chimanga, sikelo imawerenga chimanga pamodzi ndi thumba lomwe. Phukusi nalonso lili ndi thumba lake. Phukusi lalikulu la nthawi zonse limatenga malo a mabayiti 1,538 pa waya, koma mwa amenewa katundu weniweni ndi mabayiti 1,460 kapena kucheperapo pang'ono. Otsalawo ndi maadiresi, nambala zotsimikizira kuti palibe chawonongeka, ndi kampata kamene kamasiyidwa pakati pa phukusi ndi linzake. Chifukwa cha ichi, khadi labwino la gigabiti likayesedwa limaonetsa mamegabiti pafupifupi 940, ndiye kuti mamegabayiti 117 kapena 118 pa sekondi. Mukaona nambala imeneyi, dziwani kuti khadi lanu lafika pamapeto pa mphamvu yake, ndipo palibe khadi lina la gigabiti, ngakhale lodula chotani, limene lingapitirire pamenepo ndi maphukusi a msinkhu umenewu.

Apa ndi pamene pagona funso lathu. Ngati makhadi onse abwino a gigabiti amafika pa 940, nanga kusiyana kwawo kuli pati? Akatswiri amayang'ana miyeso inayi.

MIYESO INAYI

Muyeso woyamba ndi umene tatchulawu, kuchuluka kwa katundu amene wafikadi tsidya lina pa sekondi. Kuti tiumvetse, titenge zithunzi ndi mabuku zokwana magigabayiti 10. Pa khadi la mamegabiti 100 zidzatenga mphindi pafupifupi 14 kuti zisamuke. Pa khadi la gigabiti zidzatenga mphindi imodzi ndi theka. Pano kusiyana n'koonekeratu, ndipo aliyense angakuyese ndi wotchi ya pa mkono.

Muyeso wachiwiri ndi chiwerengero cha maphukusi pa sekondi. Kukweza matumba 10 a makilogalamu 50 pa lole n'kosavuta poyerekeza ndi kukweza timapaketi 500 ta kilogalamu imodzi, kamodzikamodzi, ngakhale kuti kulemera n'kumodzimodzi. Maphukusi akakhala aakulu, waya wa gigabiti umadzaza ndi maphukusi pafupifupi 81,000 pa sekondi. Akakhala ang'onoang'ono, a mabayiti 64, pamafunika maphukusi 1,488,000 pa sekondi kuti waya womwewo udzaze. Pa magigabiti 10 chiwerengero chimapitirira 14,800,000. Mawu a pa lamya ya pa intaneti, mafunso opita ku kaundula wa banki ndi mauthenga afupiafupi zimayenda m'maphukusi ang'onoang'ono, ndipo apa ndi pamene khadi lofooka limayamba kutaya ena.

Mbiri ili ndi chitsanzo chodziwika. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya 3Com, imene Metcalfe anayambitsa mu 1979, inagulitsa khadi lotchedwa 3C501. Pa pepala linali la mamegabiti 10 monga anzake onse. Koma linali ndi malo osungira phukusi limodzi lokha, kotero kuti pamene kompyuta inali kutulutsamo phukusi loyamba, khadilo silinkatha kulandira lachiwiri. Maphukusi akabwera motsatizana, ena ankatayika n'kufunika kutumizidwanso. Nambala inali yofanana, ntchito inali yosiyana.

Muyeso wachitatu ndi kuchedwa, kutanthauza nthawi imene phukusi limodzi limatenga kupita ndi kubwerera. Lole imanyamula zambiri kuposa njinga yamoto, koma ngati mukutumiza kalata imodzi yofulumira, lole imene ikudikira kudzaza idzafika mochedwa. Kuchedwa kumawerengedwa m'mamilisekondi, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Makompyuta awiri olumikizidwa ndi waya mu nyumba imodzi amayankhana nthawi yosakwana milisekondi imodzi. Chofunikanso n'chakuti kuchedwako kukhale kokhazikika, pakuti kukamasinthasintha, mawu a munthu amene mukulankhula naye amadukaduka.

Muyeso wachinayi ndi katundu amene khadi limasenzetsa purosesa, chimene chili ubongo wa kompyuta. Makhadi awiri angathe kufika pa 940 onse, koma lina n'kusiya purosesa ili yomasuka, linzake n'kuisiya ili wefuwefu. Makhadi ambiri akale ankafuna kuti purosesa izikopera yokha phukusi lililonse. Makhadi abwino amaika okha maphukusi m'malo osungira a kompyuta, amawerengera okha nambala zotsimikizira, ndipo amalandira mtolo waukulu n'kuudula okha m'maphukusi. Ena ali ndi mizere ingapo yolandirira, kuti zigawo zingapo za purosesa zigawane ntchito, m'malo moti chigawo chimodzi chilemedwe zinzake zikungokhala.

Pali luso linanso limene likusonyeza kuti miyeso inayi imakokana. Phukusi likafika, khadi limagogoda kwa purosesa kuti isiye zimene ikuchita, ilandire. Kugogoda 81,000 pa sekondi n'kotopetsa, chotero makhadi amakono amadikira kuti maphukusi achuluke pang'ono, kenaka n'kugogoda kamodzi. Ndi monga minibasi imene siinyamuka isanadzaze: mwini wake amapulumutsa mafuta, koma amene anakwera poyamba ndiye amadikira. Khadi likamadikira kwambiri, purosesa imapepukidwa koma kuchedwa kumakula. Likamagogoda msanga, kuchedwa kumachepa koma purosesa imalemedwa. N'chifukwa chake funso lakuti khadi labwino ndi liti liribe yankho mpaka titafunsa kuti: labwino pa ntchito yanji?

KHADI SILIYENDA LOKHA

Tsopano, omvera athu, tifike pa chinthu chimene chimasokoneza kuyerekeza kwambiri. Khadi ndi gawo limodzi chabe la ulendo. Msewu ungakhale wa phula, wotakata, koma ngati pakati pali mlatho wodutsa galimoto imodzi, magalimoto onse adzayenda monga mwa mlathowo.

Mlatho woyamba uli m'kati mwa kompyuta momwemo, pamalo pamene khadi limalumikizana ndi makina. Polowera pa kale potchedwa PCI pankadutsa mamegabayiti 133 pa sekondi, ndipo zipangizo zonse zotsomekedwa pamenepo zinkagawana. Khadi la gigabiti linkangokwanira movutikira. Makhadi otsomeka kunja pa USB 2.0 ali ndi vuto lomwelo, pakuti malire a polowera pamenepa ndi mamegabiti 480, ndipo pa ntchito yeniyeni safika n'komwe. Kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi 3 Model B+, kamene kanatuluka mu 2018, kanali ndi khadi la gigabiti, koma chifukwa chodzera pa USB 2.0 kankalekezera pa mamegabiti pafupifupi 300. Raspberry Pi 4 ya mu 2019 inachotsa mlatho umenewu, ndipo inayamba kufika pafupi ndi gigabiti yathunthu. Polowera pa masiku ano, PCI Express, pali tinjira tingapo, ndipo kanjira kamodzi ka mtundu wachitatu kamadutsitsa mamegabayiti pafupifupi 985 pa sekondi. Khadi la magigabiti 10 limafuna 1,250, kotero likapatsidwa kanjira kamodzi kokha silingaonetse mphamvu yake.

Mlatho wachiwiri ndi waya. M'kati mwa waya wa netiweki muli timawaya 8, topotedwa tiwiritiwiri. Liwiro la mamegabiti 100 limagwiritsa ntchito 4 tokha, koma gigabiti imafuna tonse 8. Kamodzi kakaduka, kapena mmisiri akakafinya molakwika pa mutu wa waya, nthawi zambiri makhadi amagwirizana mwakachetechete kutsika pa 100. Intaneti imagwirabe, palibe chimene chimalira, koma liwiro latsika kakhumi. Ofesi ingathe kukhala chaka chonse ikunena khadi, pamene wolakwa ndi waya umene khoswe anaumeza pang'ono kudenga. Utalinso uli ndi malire. Waya wa mtundu wa Cat 5e umanyamula gigabiti mpaka mamita 100. Magigabiti 10 pa Cat 6 amalekeza pa mamita 55, ndipo kuti afike mamita 100 pamafunika Cat 6A.

Mlatho wachitatu ndi bokosi limene mawaya onse amakumanirana, lotchedwa switch, pamodzi ndi kompyuta ya tsidya lina. Khadi la magigabiti 10 likalumikizidwa ku switch ya gigabiti imodzi, lidzayenda pa gigabiti imodzi. Wachinayi ndi disiki yosungira zinthu, pakuti disiki yakale yozungulira, makamaka ikamakopera timafayilo tambirimbiri, imatha kuchedwa kuposa khadi. Wachisanu ndi kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kamalankhulitsa khadi ndi kompyuta. Khadi lomwelo limatha kuyenda bwino ndi dalaivala watsopano, n'kumatsimphina ndi wakale.

NANGA MAKHADI OPANDA WAYA?

Makhadi a Wi-Fi ndi a mtundu wina, ndipo nambala zawo zimafuna kusamala koposa. Lamulo lawo loyamba la mu 1997 linkalola mamegabiti 2, la mu 1999 linafika pa 11, ndipo la mu 2003 linalonjeza 54. Koma amene ankayesa makhadi a 54 aja ankapeza pafupifupi theka lake. Chifukwa chake n'chakuti pa waya khadi limatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, pamene pa mafunde zipangizo zimalankhula mosinthana, monga anthu pa bwalo la mfumu, ndipo onse amene ali pafupi amagawana mpata womwewo. Khoma la njerwa, mtunda ndi mawailesi a anansi zimachepetsanso liwiro. Makhadi a Wi-Fi a masiku ano ndi ofulumira kutalitali kuposa aja, koma lamulo lija likadalipo: nambala ya pa katoni ndi ya pamalo abwino koposa, osati ya m'chipinda chanu. Chotero kuyerekeza khadi la waya ndi la Wi-Fi poyang'ana makatoni okha n'kudzinamiza.

KUYESA MWACHILUNGAMO

Kodi tsono kuyesa koyenera kumachitika motani? Mu March 1999, Scott Bradner ndi Jim McQuaid anafalitsa chikalata chotchedwa RFC 2544, cholongosola kayesedwe ka zipangizo zolumikizira makompyuta. Chinalangiza kuti kuyesa kuchitike ndi maphukusi a misinkhu 7, kuyambira mabayiti 64 mpaka 1,518, ndi kuti ulendo uliwonse utenge masekondi osachepera 60. Chinanenanso kuti liwiro loona ndi lija limene chipangizo chimafikapo popanda kutaya phukusi ngakhale limodzi. Nzeru imeneyi ingatithandize ngakhale mu ofesi yaing'ono.

Mlangizi wa zaulimi akafuna kuyerekeza mbewu ziwiri za chimanga, amazibzala m'munda umodzi, tsiku limodzi, ndi feteleza wofanana. Akabzala ina kudambo ina kumtunda, sangadziwe ngati wapambana ndi mbewu kapena nthaka. Makhadinso ndi chimodzimodzi. Tengani makompyuta awiri, waya umodzi wabwino ndi switch imodzi, ndipo musinthe khadi lokha. Musanayambe, onani pa kompyuta kuti makhadi agwirizana pa liwiro lanji, 100 kapena 1,000. Tsekani mapulogalamu ena onse.

Poyesa musadalire kukopera fayilo kokha, pakuti pamenepo mungakhale mukuyesa disiki. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa iperf3, yosamalidwa ndi bungwe la ESnet ku America, imene imatumiza katundu kuchokera m'malo osungira a kompyuta ina kupita kwa inzake osakhudza disiki. Kuchedwa kumayesedwa ndi ping, kapulogalamu kamene Mike Muuss analemba mu December 1983, ndipo kamapezeka pafupifupi mu kompyuta iliyonse. Yesani mbali zonse ziwiri, kutumiza ndi kulandira. Yesani ndi maphukusi aakulu, kenaka ang'onoang'ono. Pamene kuyesa kuli m'kati, yang'anani kuti purosesa yatanganidwa motani, ndiponso kuti maphukusi otayika ndi angati. Bwerezani kangapo, mulembe zonse, osati nambala yokoma yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

INTANETI SI SIKELO YA KHADI

Cholakwa chimene ambiri timachita ndi kutsegula tsamba loyesera liwiro la intaneti n'kuweruza khadi ndi zimene taona. Ngati mumalipira mamegabiti 20 kwa kampani yokupatsani intaneti, khadi la 100, la 1,000 ndi la 10,000 onse adzaonetsa 20 kapena kucheperapo.

Kumbukiraninso kuti Malawi ali kutali ndi nyanja yamchere. Zambiri zimene timawerenga pa intaneti zimadzera m'maiko a anzathu monga Tanzania ndi Mozambique, kukalowa mu nthambo za pansi pa nyanja monga Seacom, imene inayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy, ya mu 2010. Kuwala mu nthambo zimenezi kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, kotero ngakhale nthambo ikanawongoka ngati muvi, kupita ndi kubwera kukanatenga mamilisekondi 80. Nthambo zenizeni zimazungulira, ndipo nthawi imachuluka kuposa apo. Palibe khadi limene lingafupikitse mtunda umenewu. Pa 12 May 2024, nthambo ziwiri zija zitaduka m'nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inachedwa m'maiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi. Tsiku limenelo wa khadi lodula ndi wa khadi lotchipa anadikira mofanana.

TISANAGULE

Tibwerere kwa mphunzitsi wamkulu uja ndi makatoni ake awiri. Afunse kaye kuti chikuchedwa n'chiyani. Ngati ndi intaneti, khadi latsopano silithandiza. Ngati ndi kutumizirana zinthu m'kati mwa sukulu, aone liwiro limene makhadi agwirizana. Akapeza 100 pamene makhadi ndi a 1,000, ayese waya wina ndipo aone switch, pakuti mwina vuto lonse litha ndi mtengo wa waya umodzi. Akapeza kuti akufika kale pa 940 koma sizikukwanira, pamenepo ndiye aganize za makhadi a magigabiti 2.5 kapena 10, poyambira pa kompyuta yaikulu imene ena onse amatungako. Awerengerenso mtengo wa switch yatsopano, wa mawaya oyenera, ndi wa magetsi, pakuti makhadi a magigabiti 10 a waya wa mkuwa amadya magetsi ambiri ndipo amatentha, chinthu chofunika kuchiganizira kumene makina amadalira mphamvu ya dzuwa ndi mabatire. Pomaliza, apemphe wogulitsayo kuti ayese khadilo pamaso pake, pa makina a sukulu omwewo. Wogulitsa woona sakana sikelo.

Safunsa anadya phula. Ndalama za sukulu, za chipatala kapena za bungwe ndi thukuta la anthu ambiri, ndipo ola limodzi loyesa lingazipulumutse. Kwa lero tilekeze pomwepa.